Mchere wa ku Súria

Lachiwiri m'mawa, jombo zofika m'ntchafu,
ndimalowa mu Cardener, kumtunda kwa mgodi,
n'kumatembenuza miyala.
Pansi pa mwala uliwonse pali anthu ake:
ana a tombolombo, obisa nsagwada pachifuwa,
ndi tina tamichira itatu, topyapyala ngati nsidze,
tikupupiza timasamba ta m'nthiti
tomwe timapumira.
Biel agwira sefa, ine ndiwerenga.
Makumi anayi ndi tiwiri.

Kamichira itatuka n'kamphawi wa mchere.
Magazi ake ndi okolera kuposa mtsinje,
ndiye madzi amakalowerera pakhungu usana ndi usiku
ngati mvula padenga lodontha,
iko kumakapa, kumakodza, kumakapabe,
kwinaku kakutola mchere m'madzi
kanjere kamodzikamodzi,
monga wokunkha m'munda eni atakolola kale.
Makolo ake onse anafa akukunkha.
Palibe anakaphunzitsa mawu oti basi, ndakhuta.

Makilomita atatu kumunsi
kuli phiri loyera lomwe Mulungu sanalenge.
Analiunjika ndi anthu, chaka ndi chaka,
zotsala za pansi pa nthaka.
Mvula ikagwa limatuluka thukuta,
ndipo madzi saiwala khwawa.
Ndiviika chipangizo, nambala ilumpha.
Biel aviika chala, alawa, alavula.
Miyala khumi ndi inayi ndatembenuza.
Kamodzi.

Ku labotale ya ku Manresa ndili ndi mabotolo asanu ndi limodzi,
lililonse lowawa kuposa linzake.
M'loyamba timafundula, timakula.
M'lachinayi simufa kanthu msanga, ayi,
ndi chimene chimandisowetsa tulo.
Kachilombo kamangotolabe monga kanazolowera,
zitseko zonse pululu,
kenaka chakudya chonse chomwe kadya
chithera kutulutsa zomwe kalowetsa.
Sabata yachitatu kakadali m'malaya akale.
M'lachisanu ndi chimodzi mtsinje wasanduka wakumwa,
ukuyamwa madzi m'thupi mwake,
kafa ndi ludzu
madzi ali m'khosi.

Madzulo ndimadutsa kwa bambo.
A Isidre, zaka makumi atatu ndi chimodzi pansi pa nthaka,
mchere m'tsitsi, mchere m'makwinya a khosi,
malaya awo ankaima okha pachingwe.
Lero dokotala anawaletsa.
Impso zatopa, akakolo atupa,
ukadina ndi chala dzenje limatsala.
Amathira tomato ndi mafuta pabuledi
n'kumayang'ana kabati
komwe ndinabisa kabotolo.

Wapeza tingati? afunsa.
Kumtunda makumi anayi ndi tiwiri.
Nanga kumunsi?
Ndikweza chala chimodzi.
Atafuna nthawi yaitali.
Phiri limenelo, Queralt, ndi lomwe linakugulira mabuku.
Ndikudziwa, bambo.
Galasi lako loonera tizilombolo, ndani analipira?
Ndikudziwa.
Sindiwauza kuti miyendo yawo
ndaiona kale m'botolo lachinayi.

Sitikangana. Tinasiya.
Ndiwavula masokosi, ndiika mapazi pampando,
ndiwerenga mapiritsi monga ndiwerengera zonse,
n'kulemba m'kabuku komweko,
tsamba lakumbuyo.

Kamodzi kaja sindinakaike m'mowa wosungira.
Biel anandiyang'ana, sananene kanthu.
Ndinakanyamula m'kapu ya khofi,
madzi akukhavukira pa buluku,
njira yonse ya m'mbali mwa njanji
mpaka kumtunda kwa mlatho.
Pa fomu ndinalembabe: chimodzi.
Sindidziwa ngati thupi lozolowera kuwawa
limapirira madzi okoma likawapeza mwadzidzidzi.
Mwina ndinakapha ndi chifundo.

Koma kakafika mwezi wa Meyi
kadzakwera pamwamba pa madzi, msana udzang'ambika,
kadzatuluka ndi mapiko,
kopanda pakamwa.
Tsiku limodzi, mwina awiri, kali m'mwamba,
kosatola kanthu,
kosataya kanthu.

Bambo agona pampando.
Kabati ndi yotseka, koma pa tebulo, pafupi ndi mbale,
pali tinjere toyera tisanu.
Ndinyowetsa chala, nditola,
ndiika palilime.